Mpweya Watha

Munthu akakuuzani kuti "ndinaona ndi maso angawa," musathamangire kumukhulupirira. Maso alibe makutu. Amaona munthu akutembenuka, koma chimene chamutembenuza sachimva.

Mayi Musatero anaona ndi maso awo. Dzinali anawapatsa ndi ana awo omwe, poti pakamwa pawo sipankatuluka china: musayende kwada, musamwe madzi a kwa eni, musaseke kwambiri mungalire. Tsiku limene mzime wawo, mwana wamkazi wa ana awiri, anamwalira ndi chibayo m'nyumba yatsopano ya pachipatala, iwo anali pakhonde, kunja kwa chitseko chagalasi chimene odikirira odwala saloledwa kudutsa. Ali pomwepo anaona bambo wokankha odwala, amene aliyense amamutcha Magudumu, akubwera ndi botolo la mpweya pakangolo. Anafika pakati pa khonde, anaima, n'kubwerera nalo. Dokotala atauza banja kuti mwanayo akanapulumuka botolo likanafika, mayi Musatero anakumbukira msana wa bambo uja. Anauza mkamwini wawo, mkamwini n'kupita kupolisi.

Maliro atatha, mipando yobwereka isanabwezedwe n'komwe, pakhomo panafika sajeni. Anali mayi wamfupi, wolankhula ngati akusankha miyala mu mpunga.

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Zachitika, mwanangu. Musakhale pampando umenewo, mwendo wake ndi wonama."

Sajeni anakhala pa wina. "Bambo uja tili naye m'chitokosi. Akuluakulu a chipatala akuti botolo linasowera m'manja mwake. Akuti amagulitsa mpweya kwa owotcherera zitsulo. Nkhani ikupita kukhoti, ndipo mboni yaikulu ndinu."

"Iyeyo akuti chiyani?"

"Chandibweretsa n'chimenecho. Sakukana, sakuvomera. Ndikamufunsa chimene anabwererera amangoti, 'Ndinabwerera basi.' Akuba ndaona amitundumitundu, mayi, ndipo aliyense amabwera ndi nthano yake yophikaphika. Uyu alibe." Anawayang'ana. "Munamuona musanayambe kulira, kapena mutayamba kale?"

Mayi Musatero anafufuza m'mutu mwawo, osapezamo kanthu koma khonde loyera ndi misozi.

"Tsiku limenelo lilibe mutu, lilibe mchira. Ndinamuona, basi."

"Ndiye tiyeni mukandionetse pamene munaima."

Sankafuna. Malo amene anakudyera mwana sabwererako msanga, ndiponso kuyenda ndi wapolisi pamsewu n'kudzipatsa mbiri. Koma anamanga mpango, anauza adzukulu kuti asayandikire mbaula, asatsegulire munthu aliyense, ngakhale atanena kuti watumidwa ndi agogo. Ananyamuka.

* * *

Kunja kwa geti la chipatala kunali wowotcherera zitsulo mmodzi yekha. Atamva funso anakweza magalasi ake akuda pamphumi n'kuseka.

"Mpweya wa kuchipatala? Bwana, ine nditapeza botolo loyera ngati limenelo ndingaliike pabalaza, alendo azilipatsa moni. Langa ndi ilo." Analoza chibotolo chadzimbiri chomangidwa ndi tcheni pamtengo. "Ndi lalikulu kuposa ine kubadwa."

"Magudumu mumamudziwa?"

"Kangolo kake amakonza ndani? Ndine, ulere. Boma lamanga chinyumba chonsecho, magalasi mpaka kumwamba, koma tayala limodzi la kangolo lawakanika. Munthuyo akamakankha botolo amayenda ngati nkhanu."

"Tsiku la ngozi anabwera kuno?"

"Akanapeza loko. Ndinali kokamangira anthu geti, mwini geti alipo, kamufunseni, akadali wokwiya kuti ndinaliika mopendama." Kenako anaona mpango wakuda wa mayi Musatero, kuseka n'kumuthera. Anavula magalasi. "Pepani, amayi. Sindinadziwe kuti ndinu. Mukafuna botolo kafunseni mayi wochapa. Chotayika chilichonse pachipatala paja chimadzera kochapira."

* * *

Nyumba yatsopano ija inali yokongola, zimenezo ngakhale mayi Musatero sakanatsutsa. Pamene ankagoneka mwana wawo anathokoza Mulungu. Wodwala aliyense anali ndi bedi lake, panalibe wogona pansi, panalibe fungo. M'wodi yakale, mmene bambo a ana awo anagonamo kalekale, mphemvu zinkakwera m'mabulangete. Koma mmenemo unkakhala pambali pa wodwala wako, dzanja lako lili pachifuwa pake. Kuno anati odikirira amabweretsa matenda, azikhala kunja. Chinthu chikawala kwambiri, muzifunsa chimene akubisirani.

Khonde lalitali linkalumikiza nyumba yakale, kumene amasunga mabotolo, ndi yatsopanoyo. Pakatikati pake panali khomo la kochapira. Mayi wochapa sanachotse manja m'madzi, ndipo pakamwa pake sipanadikire funso lachiwiri.

"Botolo? Eee, linali apa, kuseri kwa chitseko, likundiyang'ana ngati apongozi. Ine ndinkachita mantha, zinthu zimenezi akuti zimaphulika. Ndinauza aliyense wodutsa kuti chotsani chinthu chanuchi, koma wochapa amamumva ndani? Madzulo ake a kuthiyeta anabwera akuthamanga, akuti mayi wina wapakati zavuta, n'kulitenga. Lili konko mpaka lero. Inu ndinu woyamba kundifunsa. Abwana anangowerenga m'sitolo, n'kupeza laperewera, basi wakuba ndi Magudumu."

"Analisiya yekha pamenepa?"

"Ndili apa, ndikukamula nsalu. Ankabwera ndi liwiro, thukuta kamukamu, kangolo kakulira ngati mwana wa mbuzi. Wafika apa, waima. Wavula chipewa. Kenako walowetsa botolo muno, akuti, 'Mayi, ndisungireni, ndikatenge machira.'"

"Machira a chiyani?"

"Aaa, bwana, a chiyaninso? Onyamulira maliro. Ntchito yake ndi iwiri: wamoyo amamutengera mpweya, womwalira amamutengera machira. Ndipo machira sachedwetsa, abwana amakalipa, safuna odwala ena aziona mtembo. Kukhomo lagalasi uko kulira kunali kutayamba kale. Iyeyo akanapitiriza ndi botolo kukapatsa ndani?"

Sajeni analemba kenakake, osayang'ana kumbali.

"Ndiye kuti mwana wanga anali atapita kale," anatero mayi Musatero. "Nanga dokotala ankati akanapulumuka bwanji?"

"Tikafunse amene anali naye," anatero sajeni.

* * *

Namwino anali mtsikana wowonda, maso ofiira ngati munthu amene tulo amangolumva kwa anzake. Asanayankhe kalikonse, panatulukira woyang'anira chipatala, bambo wa tayi ndi makiyi ambiri m'manja.

"Bwana sajeni, mukanadzera ku ofesi. Nkhaniyi tinaimaliza. Wogwira ntchito mmodzi wosakhulupirika asaipitse chitukuko chonsechi. Taonani nokha." Analoza khoma. Kumutu kwa bedi lililonse kunali kabowo kachitsulo konyezimira. "Mpweya ukuyenera kutuluka pamenepa, bedi lililonse. Zamakono. Zokankha mabotolo n'zakale."

"Tsegulani ndiumve," anatero sajeni.

"Pakadali pano tikudikira akatswiri adzamalizitse zina ndi zina."

"Chitsegulireni nyumbayi unatulukapo?"

Bamboyo anasewera ndi makiyi ake. Anayankha ndi namwino, motsitsa mawu.

"Sunatulukepo. Ndipo m'wodi muno salola kusunga botolo lapadera, akuti limaipitsa maonekedwe alendo akabwera. M'wodi yakale linkakhala kuseri kwa chitseko, ndinkangolikoka ndekha."

Sajeni anaitanitsa makwerero. Mayi Musatero anawagwira ndi manja awiri, akumuuza kuti asaponde pamwamba penipeni, kudenga kumakhala mawaya, anthu amafa nazo zimenezi. Sajeni anakankha kachitseko ka siling'i, mutu ndi mapewa n'kulowa mumdima. Anakhalamo nthawi, tochi ya foni ikuyendayenda. Potsika, chipewa chake chinali ndi ulusi wa akangaude.

"Paipi yochokera pakhomali ndi yaitali ngati mkono wangawu," anatero. "Yathera pomwepo. Ina kulibe."

"Ndiye akuba adula," anatero woyang'anira mofulumira. "Mkuwa ndi wodula. Mwina ndi yemweyo."

"Podula pamaoneka, bambo. Izi kumapeto kwake n'zotseka bwinobwino, n'zopaka penti. Fumbi lake silinakhudzidwepo. Mapaipi amenewa sanabedwe muno. Anabedwa asanafike." Anapukuta chipewa pa bondo. "Amene anavomereza kuti nyumbayi yatha ndimufuna. Mundidikire ku ofesi kwanu kuja."

Bamboyo anapita, makiyi ali chete.

* * *

Sajeni anatembenukira kwa namwino. "Tsopano ndiuzeni za tsiku lija, mwadongosolo."

Namwino anayang'ana mayi Musatero, n'kuyang'ana pansi.

"Ndinali ndekha wodi yonse. Mabedi anawonjezera, anamwino sanawonjezere. Botolo limene wodwalayo ankapumira linali litatsala pang'ono, ndiye ndinatuma Magudumu akatenge lina. Asanabwere, muvi woonetsa mpweya wotsala m'botolo unagwa. Ndinathamangira kuchitseko, ndinatsegula pang'ono, ndinamuona akubwera kutali. Ndinakuwa kuti afulumire."

"Munakuwa kuti chiyani? Mawu ake enieni."

"Ndinati, 'Mpweya watha.'"

Mayi Musatero anagwira chitsulo cha bedi.

Mawuwo ankawadziwa. Anali atagona nawo usiku uliwonse chichitikireni malirowo. Namwino atasuzumira pachitseko, nkhope ili gwaa, n'kunena kuti mpweya watha, mayi wobereka angamve chiyani? Kwawo konse, kuyambira ali mwana, munthu akatsirizika amati mpweya watha. Anaponya chitenje pansi, anagwira kumutu, n'kuitana mwana wawo ndi dzina lake la paubwana. Amayi ena onse a pakhonde analandira kulirako, monga amachitira amayi, osafunsa. Ndipo pakati pa misozi anaona bambo wa kangolo akuima, akutembenuka. Tsiku lija linali nawo mutu ndi mchira. Iwo ndi amene anali atalitembenuza.

"Mayi, tiyeni tikapume kaye panja," anatero sajeni. Anali atamvetsa.

"Ndisiyeni." Anayandikira namwino. "Mwanangu, usandinamize, ndine wamkulu. Pamene kulira kunkayamba, iye anali bwanji?"

Namwino anayang'ana kwa sajeni.

"Ankapuma?"

"Ankapuma, amayi. Ndinabwerera n'kuyamba kumupopera mphepo ndi chibaluni chofinya ndi manja. Sindikanachisiya. Ndinakuwa kuti sanamwalire, bweretsani botolo, koma chitseko chija chimadzitseka chokha, ndi chochindikala. Belu la pakhoma nalonso sililira. Kulira kwa panja kunkalowa, mawu anga sankatuluka."

"Anakhala nthawi yaitali?"

"Yokwana kuti botolo lifike. Pamene Magudumu ankalowa ndi machira, n'kuti atangotsirizika kumene."

"Anamva?"

"Amayi..."

"Ndikufunsa ngati anamva kulirako."

Namwino anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Anatsegula maso. Anakankha chopumira pang'ono, akuti, 'Akulira ndani?' Ndinati ndi a wodi ina. Anamvetsera. Akuti, 'Ngati amayi anga.' Sanalankhulenso."

Mayi Musatero sanalire. Anakhala pansi pa matailosi oyerawo, miyendo atatambasula, ngati mwana amene wasiyidwa pamsika. Moyo wawo wonse ankaopa moto, zitsime, agalu a eni, magalimoto, anthu omwetulira kwambiri. Mzime wawo anamutchinjiriza ku zonsezo. Pakamwa pawo pokha ndi pamene sanamuchenjezepo.

Sajeni anagwada pambali pawo.

"Mundimvere. Amene anapha mwana wanu ndi amene anadya mapaipi. Khoma lija likanakhala ndi mpweya, mukanalira mpaka kutha mawu, iye akanadzuka n'kukusekani. Ameneyo ndimuyamba lero, kaya makwerero anga afikako kaya safikako."

"Nanga bambo uja atuluka?"

"Za kuba zagwa, botolo lapezeka. Koma akuluakulu sangamusiye. Adzati anatumidwa mpweya, iye n'kuusiya panjira, munthu n'kufa. Wochapa akanena za kulira, adzati akuikira kumbuyo mnzake. Mawu anu a umboni aja akadali pamenepo, ndipo Magudumu sakudziteteza. Pokhapokha amene anayamba kulira ataimirira n'kunena."

"Ndiperekezeni kwa iye."

* * *

Anamutulutsa m'chitokosi atagwira thalauza ndi dzanja, poti lamba anamulanda. Anali bambo wachikulire kuposa mmene mayi Musatero ankamukumbukirira, imvi zili m'mbali, mapewa opendekera kumodzi chifukwa cha kangolo kaja. Atawaona ananjuta, n'kukhala pansi m'malo mokhala pabenchi.

"Pepani ndi maliro, mayi. Sindinathe kubwera."

"Bambo, munabwereranji ndi botolo?"

"Ndinabwerera basi."

"Ndachokera kwa namwino."

Magudumu anayang'ana sajeni ngati wamulakwira. Kenako anaweramitsa mutu.

"Munadziwa kuti ndine?" anafunsa mayi Musatero.

"Khonde limenelo ndakalambirapo, mayi. Kulira kwa azakhali ndimakudziwa, kwa mnansi ndimakudziwa. Kwa mayi wobereka sikusokonekera. Nditakumva sindinaganizenso zokafunsa. Namwino ndinamumva bwinobwino, ndinadziwa kuti akunena botolo. Koma inu mutayamba ndinati, basi, ndachedwa. Nditalowa ndi machira, thupi linali lofunda. Namwino anangondiyang'ana. Ndinalakwa ndine. Ndikanafika kaye pachitseko."

"Ndiye bwanji osawauza apolisi?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mayi analira msanga?" Anapukusa mutu. "Ine ndilibe mwana wamoyo, mayi. Awiri ndinawakankha ndekha pa machira omwewo. Ndikudziwa chimene munthu amanyamula. Sindingakuwonjezereni."

"Akumangani."

"Kundende amatuluka. Inu mukakaima m'khoti n'kunena, mkamwini wanu amva, adzukulu adzakula akumva. Anthu a m'dera lanu adzaloza nyumba yanu. Mmenemo mudzatulukamo liti? Musiyeni bwanayu alembe zimene walemba."

Mayi Musatero anamuyang'ana nthawi yaitali: mapazi ake otupa, dzanja logwira thalauza. Mantha anali atawagwira, mantha enieni, oposa onse amene ankagawira ana awo. Anaganiza za mkamwini, munthu waukali amene anagulitsa njinga yake kuti agule bokosi labwino. Anaganiza za mdzukulu wamkulu, amene wafika kale pa msinkhu womva zinthu n'kuzisunga.

"Mwadya lero?" anafunsa.

"Anatipatsa."

"Musamadye za muno, zimatsegula m'mimba. Mawa ndikutumizirani." Anaimirira movutikira, n'kutembenukira kwa sajeni. "Mwanangu, mawu anga aja mufafanize. Ndikanena ena, pamaso pa aliyense amene mukufuna. Koma mundipatse lero lokha. Pali munthu amene sayenera kukamvera kukhoti."

Sajeni anafuna kuwaperekeza, iwo anakana. Anakwera minibasi okha, osauza dalaivala kuti achepetse liwiro.

Anapeza mkamwini atakhala pakhonde, mdzukulu wamng'ono ali pamwendo pake, wamkulu akumusendera chipatso ndi mpeni umene agogo ake anamuletsa kugwira. Mkamwini anaimirira atawaona.

"Mwabwerako, amayi? Wavomera wakubayo?"

Mayi Musatero anatenga mpeni m'manja mwa mdzukulu, n'kuuika pawindo.

"Tenga mng'ono wako mupite kwa aneba. Musabwere mpaka ndikuitaneni."

Anadikira mpaka ana atakhota kuseri kwa mpanda. Kenako anayala chitenje pansi, patsogolo pa mpando wa mkamwini wawo, malo amene mpongozi sakhala.

"Khalani pansi, bambo," anatero. "Munthu uja sanabe kanthu."